Mkamwini Anabwera ndi Sipanala

Bambo anga, amene anabwera m'dziko lino kuchokera ku Malawi ali mnyamata, anapuma ntchito ku khonsolo chilala chachikulu chija chili pafupi kuyamba. Anali kapitawo wa gulu lokumba ngalande za mapaipi. Tsiku lotsanzikana akuluakulu anawapatsa tiyi, mabanzi ndi bulangete la mizeremizere, n'kuwauza kuti za penshoni asade nkhawa, zikukonzedwa. Anayenda wapansi kudutsa komboni yathu yonse ya Chipadze atakoleka bulangetelo paphewa, kunja kukutentha, kuti aliyense aone.

Mayi anali atamwalira kale, ndipo mchimwene wanga analowera ku Joni osatumiza ngakhale moni. Bambo anatsala okha m'nyumba ya khonsolo ya zipinda zinayi, imene ankalipira mwezi ndi mwezi kuti tsiku lina idzakhale yawoyawo. M'chipinda chimodzi anaikamo loja, mnyamata wa kumgodi, ndipo lendi yake ndi imene inkawagulira ufa. Ine, mwamuna wanga ndi kamtsikana kathu tinkachita lendi chipinda chimodzi kumtunda, pafupi ndi bawa.

Mwamuna wanga anabadwira pa pulazi ya fodya, makolo ake anali ochokera ku Mozambiki. Tsiku limene anabwera kudzandifunsira, bambo anamusiya atakhala padzuwa mpaka iwo atamaliza kumeta ndevu ndi kumvera nkhani pa wailesi. Atatuluka anamuyang'ana kumapazi, kumene kunali nsapato za matayala.

"Kwathu mwana sitisinthanitsa ndi ng'ombe," anatero. "Mkamwini amalipira ndi msana."

Analipiradi. Loweruka lililonse ankalima dimba la bambo, kuwaza nkhuni, kukonza denga. Chakudya ankamupatsira panja, m'mbale yakeyake yopindika m'mbali. Bambo ndi amene anamupezera ntchito ku khonsolo, m'gulu lawo lomwelo, ndipo sanalole kuti aiwale zimenezo. Paipi ya zimbudzi ikatsekeka, ankayendetsa maso pa gulu lonse ngati akusankha, chonsecho aliyense ankadziwa amene asankhidwe.

"Alowe mkamwini wanga. Anakulira m'manyowa ameneyu."

Anzake ankaseka. Iye ankavula malaya n'kulowa m'dzenjemo mpaka m'chifuwa. Madzulo ankasamba ndi sopo wochapira, kubwerezabwereza, koma fungo silinkachoka. Tsiku lina bambo anamumenya mbama pamaso pa anthu chifukwa anaiwala fosholo m'ngalande. Ndinamva kwa mkazi wa mnzake, osati kwa iye. Nditamufunsa anangoti, "Ndi bambo anu," n'kupitiriza kudya. Ndinkayesa kuti ndakwatiwa ndi munthu wosasunga chakukhosi.

Bambo atapuma, mwamuna wanga anasamutsidwira ku mbali yoona za mamita a madzi. Anamupatsa njinga, ovololo ya buluu ndi sipanala yaikulu. Apa n'kuti zinthu zitayamba kuthina m'tauni yonse. Migodi inkachepetsa anthu, mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo ambiri anasiya kulipira misonkho ya nyumba ndi madzi. Lole ya zinyalala inasiya kubwera kwathu, ngakhale kuti ku Aerodrome, kumayadi, tinkamva kuti ikupitabe. Malipiro a mwamuna wanga anayamba kuchedwa. Khonsolo inakumbukira misonkho imene anthu anali ataiwala, wa njinga, wa agalu, ndipo amayi ogulitsa tomato pakhomo pawo anayamba kuthamangitsidwa.

Penshoni ya bambo sinabwere. Kumapeto kwa mwezi ankavala jekete, kupukuta nsapato, n'kupita ku ofesi. Kumeneko kunali benchi lalitali la okalamba anzawo, amene kale ankasesa misewu, kukumba manda kapena kulondera msika. Ankakhala pamenepo mpaka masana, kenako kalaliki wamng'ono ankasuzumira pawindo n'kunena m'Chishona, chilankhulo cha kuno, kuti, "Hapana mari, sekuru." Ndalama palibe. Anthu sakulipira misonkho, ndiye tikupatseni chiyani? Bwerani mwezi wamawa.

Pamapeto pake bambo anatopa. Anandiuza ndikuwachapira zovala.

"Ndasiya kulipira madzi ndi msonkho wa nyumba. Iwo ali ndi zanga, ine ndili ndi zawo. Adule pomwepo."

"Nanga akabwera kudzatseka?"

"Atseke madzi a ine? Abwere ndani?"

Okalamba ena a pabenchi paja anatsatira. Miyezi inadutsa, palibe chimene chinachitika, ndipo bambo ankayenda modzitukumula ngati apambana mlandu. Kenako khonsolo inalamula kuti aliyense amene sakulipira amutsekere madzi, posayang'ana nkhope.

Ntchito imeneyi anyamata ambiri ankaiopa. Ena ankangogogoda pa mita n'kubwerera, ena ankalandira kenakake n'kudutsa. Mwamuna wanga yekha ndiye sankadumpha khomo. Amayi a m'makomomo ankamutukwana, ana ankamuponya miyala, iye osakweza mawu. Akuluakulu ake anayamba kumutama. Ine kumsika anzanga ankasiya kulankhula ndikafika.

M'mawa wina akumwa tiyi anandiuza kuti, "Lero ndili mu msewu wa bambo anu."

"Mwatumidwa?"

"Unali wa mnzanga. Ndasinthana naye."

Ndinaganiza kuti wasinthana naye kuti akadutse khomo la bambo. Ndinamuthokoza. Anandiyang'ana, n'kupukuta pakamwa, n'kumangirira sipanala kumbuyo kwa njinga. Mmene ankaimangira, pang'onopang'ono, akukoka chingwe bwinobwino, ndi mmene ndinadziwira. Ndinabereka mwana n'kumutsatira.

Ndinafika iye atayamba kale kumtunda kwa msewu. Bambo anali atatulutsa mpando n'kukhala pafupi ndi mita yawo, ndodo ili pamiyendo. Anthu anali ataima m'makomo. Mwamuna wanga anafika, anatsamiritsa njinga pa mpanda, anavula chipewa, n'kugwada pamaso pa bambo monga ankachitira nthawi zonse. Anaomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

"Ukufuna chiyani pano?"

"Ndabwera ndi ntchito, apongozi. Ntchito imene munandipezera."

Osadzuka, anangotembenuka ali chogwada n'kuyang'ana mita. Ndinamugwira paphewa n'kumupempha kuti adikire ngakhale mpaka mwezi uthe. Anandiyankha mwaulemu, ngati mlendo, kuti ndisunthe ndingapakike dothi. Kwa ena onse ankangotseka n'kumangapo waya. Kwa bambo anamasula mita yonse, anaigwedeza kuti madzi otsala atuluke, anatseka paipi ndi chitsekero chachitsulo, n'kuika mitayo m'thumba. Sanafulumire. Bambo anakweza ndodo, koma iye anangoti, osayang'ana n'komwe, "Kumenya wantchito wa khonsolo ndi mlandu wa kupolisi, apongozi. Masiku ano malamulo anasintha." Ndodoyo inakhala m'mwamba kwa kanthawi, kenako inatsika yokha.

Atamaliza anaombanso m'manja, n'kutsanzika, n'kupita khomo lotsatira.

Madzulo ake ndinasenza ndowa ya madzi kuchokera kwathu. Bambo ndinawapeza ali pampando womwewo. Anandifunsa kuti madziwo ndi a kuti, ndinawauza. Anadzuka, ananditula bwinobwino, anayenda nayo ndowayo mpaka pakati pa msewu, n'kukhuthula onse. Chinali chilala, madzi ankatuluka m'mipope kwa kanthawi kochepa pa tsiku. Dothi linamwa nthawi yomweyo.

"Usiku uno ukagona kuti?" anandifunsa.

"Kwathu, bambo."

"Ndiye pita ukamufunditse. Watopa, wagwira ntchito yaikulu."

Kunyumba ndinapeza mwamuna wanga akuseweretsa mwana wa aneba, akuimba. Ndinamufunsa chifukwa chake anachotsa mita yonse. Anati bambo amadziwa mapaipi, akanatsegula okha usiku, ndipo akanamangidwa. "Ndawateteza," anatero. Anadya bwino tsiku limenelo.

Loja uja anasamuka, chifukwa munthu wa kumgodi sangakhale pa nyumba yopanda madzi osamba. Ufa unatha. Aneba ankafuna kuthandiza, koma bambo sankafuna kupempha kwa anthu amene anaona ndodo ija ikutsika. Anayamba kupita ndi chigubu ku chithaphwi china kuseri kwa njanji, kumene mbuzi zinkamwa. Zimene ndinkawabweretsera ankazisiya panja mpaka agalu atazipeza. Ku ofesi ankapitabe, jekete litayamba kuwakulira.

Mayi wina woyandikana nawo ndiye anabwera kudzanditenga. Bambo anali atagona pansi m'khitchini, akutsegula m'mimba, atadziipitsira. Analibe mphamvu zondikana. Ndinawasambitsa, ine mwana wawo wamkazi, iwo atatembenuzira nkhope kukhoma. Pomwa madzi anafunsa ndi mawu otsika kuti ndi a kuti. Ndinati ndi a kwa aneba. Anamwa.

Akadali pamphasa, uthenga unabwera woti nyumba ilandidwa chifukwa cha ngongole ya misonkho, ipatsidwa kwa wina. Mwamuna wanga anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, atanyamula buledi ndi shuga. Anagwada pakhomo la chipinda.

"Apongozi, nyumbayi ipita kwa anthu achilendo. Ine ndikhoza kubwereka ndalama n'kulipira zonse. Koma a ku ofesi akuti wolipirayo ndiye dzina lake likhale pa nyumba. Inu mukhalabe muno mpaka kufa, palibe chisinthe."

Bambo sanavomere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Mwamuna wanga ankabwera madzulo alionse, n'kugwada, n'kunena mawu omwewo, osaonjeza kapena kuchotsa. Ine ndinkafuna kuti bambo avomere, chifukwa sindinkaona kwina kumene akanapita. Atavomera, mwamuna wanga anawakweza kumbuyo kwa njinga, anawamangira pilo kuti asapwetekeke, n'kuwakankha mpaka ku ofesi. Anthu m'njira ankati, onani mkamwini wachifundo, apongozi ake anamuzunza koma iye akuwasamala. Masana a tsiku lomwelo mita inabwerera pamalo pake.

Tinasamukira m'nyumbamo. Poyamba bambo anakhalabe m'chipinda chawo. Mwezi usanathe mwamuna wanga anati ngongole imene anabwereka ikufunika maloja. Anagula matabwa ndi malata akale, n'kumanga kachisakasa kuseri, pafupi ndi chimbudzi. Anatulutsa yekha bedi la bambo, limene mayi anamwalirirapo, koma silinakwane pakhomo la kachisakasako, ndiye analibweza m'nyumba kuti loja azigonapo. Bambo anagona pa makatoni.

Mawu oti apongozi anathera pomwepo. Anayamba kuwaitana kuti madala, monga azungu a kumgodi ankaitanira okalamba. Anati maloja akuononga madzi, choncho anapanga kachitini kotsekera mpope wa panja, kokhala ndi loko, ndipo kiyi ankayenda naye m'khosi. Ine ndinkatungiratu m'mawa iye asanapite kuntchito. Bambo akafuna kusamba madzulo ankayenera kumudikira n'kupempha.

"Madala, munasamba dzulo."

"Dzulo sindinasambe."

"Ndiye dzana. Munthu wosagwira ntchito amada ndi chiyani?"

Loweruka ankawapatsa khasu kuti alime dimba lija, iye atakhala pampando wa bambo akumvera mpira pa wailesi yawo. Sanawamenyepo, sanawatukwanepo. Ndikamudzudzula ankandifunsa kuti chalakwika n'chiyani, bambo anu akudya, akugona pansi pa denga, kodi ine ndinkadandaula pamene ankandidyetsera panja? Usiku wina ndinamuuza kuti ndichoka. Anandifunsa kuti ndipita kwa ndani, kwa bambo anga kuseri kwa chimbudzi? Ndinali ndi pathupi pa mwana wachiwiri.

Bambo nawo sanandisiye. Ndikawapititsira chakudya ankanditcha mayi a nyumba. Ankafunsa ngati abwana alola kuti ndiwathirire ndiwo zambiri chonchi. Mdzukulu wawo akalowa m'kachisakasa ankamuuza kuti atuluke, muno ndi mwa antchito.

Penshoni inabwera mvula itabwereranso, patapita nthawi yaitali. Anawapatsa gawo chabe, zotsala anati zidzabwera anthu akayamba kulipira misonkho. Pa nthawi imene anapuma, ndalamazo zikanawafikitsa ku Malawi ndi katundu, n'kumangira kanyumba. Tsopano mitengo inali itakwera moti sizikanakwana ngakhale ulendo wokha wabwinobwino, komanso kumudzi kwawo anachokako ali mnyamata, sankadziwa ngati kudakali wowakumbuka. Anafika ndi envelopu m'thumba la jekete. Mwamuna wanga anali atamva kale ku ofesi, ndipo ankawadikira pabwalo.

"Madala, tikambirane za chakudya ndi malo ogona. Miyezi yapita yambiri."

Bambo anatulutsa envelopuyo, anachotsamo pang'ono n'kuika m'thumba, yotsalayo anaiponya pansi, pa dothi, pakati pa mapazi a mwamuna wanga. Maloja ankaonerera pawindo. Iye anayang'ana envelopuyo, kenako anawerama n'kutola.

"Umawerama bwino," anatero bambo. "Ndine ndinakuphunzitsa."

Ndi tsiku lokhalo limene ndinaona nkhope ya mwamuna wanga ikusintha. Koma envelopuyo anaiika m'thumba.

M'mawa mwake bambo anagula majombo ndi chipewa, anakulunga zovala zawo, n'kukwera basi ya ku Masembura. Munthu wina wobweretsa chimanga kumsika anali atawauza za banja limene linkafuna wodyetsa ng'ombe, chifukwa ana onse anali pa sukulu. Malipiro ake anali chakudya ndi kanyumba kogona. Sananditsanzike. Ndinamva kwa mayi woyandikana nafe uja.

Nditachira mwana wachiwiri ndinapita kukawaona, khanda kumbuyo, wamkulu kumanja. Kuchokera pamene basi inatitsitsa tinayenda mtunda wautali, tikufunsa m'makomo za mkulu wa ku Malawi wodyetsa ng'ombe. Mayi wa pakhomopo anatilandira bwino, anatiyalira mphasa pamthunzi. Dzuwa litapendeka ng'ombe zinabwera, bambo ali pambuyo. Anali atada, ataonda, koma ankayenda mowongoka kuposa mmene ankayendera m'tauni. Anatsekera ng'ombe m'khola, anasamba m'manja, n'kubwera. Anaomba m'manja n'kundipatsa moni m'Chishona.

"Makadii, amai?"

"Bambo, ndine. Ndabwera ndi mdzukulu wanu, simunamuone."

Anatembenukira kwa mayi wa pakhomo uja n'kumufotokozera m'Chishona chomwecho kuti ine ndine mkazi wa mwini nyumba imene ankakhalamo kutauni, munthu wabwino, ankawapatsa chakudya. Kamtsikana kanga kanathamanga n'kukawagwira thalauza. Anakachotsa manja chala chimodzichimodzi, n'kundiuza kuti ndigwire mwanayu, pano pali ng'ombe zoponda. Ndinalankhula nawo m'Chichewa mpaka mawu anandithera, iwo akuyankha m'Chishona, mwaulemu, za mvula ndi nkhupakupa. Shuga ndi sopo zimene ndinabweretsa anapereka kwa mayi uja ndikuona. Khandalo sanaliyang'ane.

Uthenga wa imfa yawo unabwera ndi kondakitala wa basi, nyengo yopalira. Anamwalira kubusa, atakhala chotsamira mtengo. Ng'ombe zitaona kuti palibe wozibweza zinalowa m'munda wa banja lina n'kudya chimanga chanthete mbali yonse ya kumunsi. Anthu anayamba aona ng'ombezo, bambowo anawapeza pambuyo pake.

Tinapita awiri ndi mwamuna wanga, ine ndi khanda kumbuyo. Tinapeza ataika kale. Anati thupi silikanadikira, komanso mkuluyo ankanena yekha kuti alibe mbale aliyense. Manda anali kumapeto kwa tchire, kutali ndi a eni mudzi, ataunjikapo miyala ndi minga kuti afisi asafukule. Panalibe nyimbo kapena pemphero. Ndinagwada pamenepo, mwamuna wanga ataima kumbuyo kwanga chipewa chili m'manja.

Titabwerera pakhomo tinapeza amuna atakhala pansi pa mtengo. Panali mlandu wa chimanga chija. Mwini ng'ombe ankati cholakwa ndi cha mbusa, mwini munda ankati ndiye abale a mbusayo abwera, alipire. Anafunsa mwamuna wanga ngati iye ndi mkamwini wa malemuyo.

Anayankha modekha, m'Chishona chabwino kuposa changa. Anati mkuluyo anali munthu amene tinangomusunga kuseri kwa nyumba chifukwa cha chifundo, anachoka yekha, ndipo za ng'ombe iye sakuzidziwa. Anati mawa m'mawa akufunika kuntchito, khonsolo ili ndi anthu ambiri osalipira. Anaomba m'manja kwa onse, mmodzimmodzi, n'kudzuka kuti akapeze basi ya masana. Anandiyang'ana kuti tizipita.

Ndinawauza amunawo kuti malemuyo anali bambo anga ondibereka, ndipo ndalama ndilibe koma manja ndili nawo. Mwamuna wanga anati ndisachedwe, mwana wamkulu tamusiya kwa aneba. Anapita.

Ndinatsala ndikupalira m'munda wa anthu amenewo ndi kubzala nyemba pamene ng'ombe zinadya. Khanda ndinkaligoneka pamthunzi m'mphepete mwa munda. Ndinkagona m'kanyumba ka bambo, momwe munali mphasa, chikho ndi fungo la fodya wawo. Mwini munda ankabwera madzulo kudzayendera mizere, n'kundionetsa pamene ndasiya udzu. Tsiku lina anayang'ana munda wonse n'kunena kuti basi, zakwana, mlandu watha.

Mayi wa pakhomo pamene bambo ankakhala anandiperekeza mpaka kumsewu, atandinyamulira thumba la nkhwani ndi mtedza pang'ono. Sanali munthu woipa. Tili chiimire anandifunsa ngati kutauni ndikudziwako mkulu wina wopanda kolowera, chifukwa ng'ombe zakhala m'khola kuyambira tsiku lija ndipo ana sangajombe kusukulu. Anati akufuna wa kwathu ku Malawi komweko, chifukwa anthu a kumeneko sadandaula ndipo sadya zambiri.

Ndinamuuza kuti ndikafunsa. Basi inachedwa, ndipo tinaima pamenepo tikukamba za mvula.